Dzino la Tikondane M'ngalande ya Padenga

Tamverani kuno abale anga, inu a kunsi kwa Michesi, ndi inu mwangopatuka panjira kudzapempha madzi. Khalani pansi pang'ono. Dzina limene ndikufuna mulimve ndi ili: Tikondane. Mwana wa Eveles, mdzukulu wa a Howard ndi a Felista, mdzukulu wathu tonse pamudzi pano. Anatisiya asanamalize sitandade wani, ali ndi mpata kukamwa pamene panachoka dzino.

Nyumba ya a Howard mukuidziwa, ija ili pansi pa mtengo waukulu wa mango, pamene njira ya ku Fort Lister imayamba kukwera. Njerwa zake ndi zootcha, koma anamangira matope. Simenti inakwanira pakhonde pokha. A Howard ndi mkamwini. Kwawo ndi kuseri kwa phiri, anabwera kuno ali mnyamata kudzakwatira a Felista, ndipo imvi zawamerera pamalo a akazi awo. Munda si wawo, mangowo si awo. Chawo chenicheni pamudzi pano ndi nyumbayo basi, poti njerwa iliyonse inadutsa m'manja mwawo.

Tsono nyumba yomangira matope mdani wake ndi madzi. Izi a Howard ankazidziwa bwino. Atangokhoma malata, anatola malata ena akale, n'kuwadula m'litali, n'kuwapinda ngati mwadiya wodyeramo nkhumba, n'kuwamangirira ndi waya m'mphepete mwa denga. Imeneyo ndiyo ngalande ya padenga. Mvula ikagwa, madzi onse a pamalata amagwera mmenemo, n'kuyenda mpaka pakona, n'kutsikira mumgolo. Mgolo ukadzaza, otsala amalowa m'ngalande yapansi, n'kumapita kunthochi. Khoma limangokhala gwa, louma, ngati mvula ikugwa kwa eni.

Koma ngalande yotere imafuna mwini wake. Mwezi wa chisanu mphepo ya mwera imagwetsera masamba a mango mmenemo, fumbi la m'chilimwe limabwera pamwamba, mileme nayo imataya zake. Ndiye chaka chilichonse, nyenje zikangoyamba kulira, a Howard ankatulutsa makwerero awo a nsungwi, n'kukwera ndi kachitsulo kopalira, n'kukokolola zonse. Anthu ankawaseka. Ankati a Howard amasesa kumwamba pansi pali zinyalala. Chaka cha namondwe wamkulu uja, nyumba zambiri kuno zinagwada, zina zinapitiratu. Ya a Howard inaima. Kuchokera pamenepo, woseka anasowa.

Tikondane anakulira m'nyumba imeneyo. Mayi ake Eveles amagwira ntchito ku Limbe, ndiye mwana anamusiya kwa anganga ake atangoleka kuyamwa. Kanali kamwana kamkamwa, kosatopa. A Howard ankamutcha mkazi wawo wamng'ono, a Felista ankati mkazi mnzanga, monga timachitira ndi adzukulu. Chilimwe chathacho a Felista akuzira khoma la kuseri ndi dothi lofiira, Tikondane anabwera n'kumadinda manja ake padothi lonyowalo, apa dzanja, apa dzanja, mzere wonse, kutalika kwake komwe ankafika. A Felista anakalipa, koma sanafufute. Dothi linauma ndi manja ake omwe.

Dzino linayamba kugwedera mwezi wa chisanu. Analigwedeza ndi lilime, analigwedeza ndi chala, mpaka tsiku lina akudya chinangwa chootcha linatsalira m'chinangwamo. Anathamangira kwa a Howard, amene anali kusoka mphasa pakhonde.

"Anganga! Lachoka!"

"Taseka ndione, mkazi wanga," anatero a Howard. Mwana anaseka, mpata mbee kutsogolo. "Kalanga ine! Ndiye kuti ndinakwatira nkhalamba. Mawa ndikubweza kwanu."

"Langa ndi limodzi lokha. Inuyo anu atsala angati?"

A Felista ali m'khitchini anaseka mpaka kutsokomola. "Wakuuzani mkazi mnzanga. Tayankhanitu, a bambo a Eveles."

Mwambo wake mukuudziwa, tonse tinachita tili ana. Dzino la mwana saliponya pansi. Amaliponya padenga, khwangwala adzatenge, abweretse latsopano. Tikondane anaima pabwalo, dzino m'manja, n'kufuula ndi mawu onse: "Khwangwala iwe, nali lakale, ubwere nalo latsopano, loyera!" Anaponya. Linagwera pamalata, ngwe, ngwe, n'kumagubuduka, ngwererere, kenaka tsa. Zii. A Howard anamva ndi khutu la mwini denga kuti lagwera m'ngalande, pakati pa masamba.

"Watenga?" anafunsa mwana.

"Lero kukuzizira, nayenso khwangwala wafunda bulangete. Atenga dzuwa likawala."

M'mawa uliwonse ankafunsa. "Anganga, watenga?" Akatero n'kumapapasa mpata uja ndi lilime. A Howard ankangoti, "Ali m'njira, achokera kutali."

Dzuwa silinawale msanga chaka chimenecho. Chiperoni chinatsika m'phiri n'kukhala, nkhungu mpaka pakhomo, kamvula kosalekeza kolowa m'mafupa. Mwana anayamba chifuwa. Kenaka thupi moto, kupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Anamukweza pakabaza ali kumsana kwa a Felista mpaka kuchipatala ku Boma. Anati ndi chibayo. Anayesetsa ndithu. Eveles anafika kuchokera ku Limbe n'kumupeza akadali moyo, koma sanamuzindikire. Tinamuika kumanda kwathu kuja, pafupi ndi nsungwi. Amayi amene anamusambitsa anati atayang'ana m'kamwa, dzino latsopano linali lisanatuluke n'komwe.

Maliro atatha, Eveles anabwerera ku ntchito, nanga akanatani. M'nyumba munatsala anthu awiri okalamba ndi kamphasa kopindidwa pakona. A Felista sankalankhula zambiri. Ankadzuka, kusesa, kupita kumunda, kubwera. Anthu ankati alimba mtima. A Howard, amene ankagona nawo nyumba imodzi, ankadziwa kuti si kulimba kumeneko.

Chisanu chinatha, kunatentha, nyenje zinayamba. A Howard anapita kuseri n'kutulutsa makwerero, monga mwa chaka ndi chaka. A Felista anali pakhonde akusenda nandolo.

"Makwererowo mukupita nawo kuti?"

"Nyenje zayamba, mayi a Eveles. Chizimalupsa chili pafupi."

"Bwezani."

A Howard anaima, makwerero ali paphewa.

"Ndati bwezani. Muli dzino la mwana mmenemo."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa. Ndiye mukufuna mulikokolole pamodzi ndi manyi a mileme, mukalitaye kudzala ngati chitsononkho? Khwangwala sanatenge. Mwana wapita ndi mpata. Kumene aliko aziseka bwanji pakati pa anzake?"

A Howard anafuna kunena kuti zija ndi zonamiza ana. Anafuna kunena kuti mano a Eveles ndi abale ake onse anagweranso momwemo, ndipo iwo anawakokolola osaganizako, koma ana aja mano anamera bwinobwino. Anafuna kuwakumbutsa kuti iwo a Felista ndi munthu wa Mvano, wovala zoyera Lachinayi. Koma atayang'ana manja a akazi awo, anaona kuti akusenda khoko lopanda kanthu, lomwe analisenda kale. Anatembenuka, n'kukabweza makwerero kuseri.

Akanalekera pomwepo, mwina zikanapepuka. Koma a Felista anaganiza kuti khwangwala sakubwera chifukwa padenga palibe chomuitana. M'mawa mwake anatapa chimanga m'thumba, n'kumwaza pamalata. Tsiku linalo anamwaza nandolo. Linalo mphale. Akhwangwala anamva, nanga amachedwa? Anayamba kubwera awiri, kenaka gulu, kumayenda pamalata khwa khwa khwa, kulimbirana, kulira. A Felista ankakhala pansi pa mango n'kumawayang'ana mmodzimmodzi pamene akuuluka, kuona ngati wina wanyamula kanthu koyera kukamwa.

A Howard iwo ankamvetsera zina. Pa chimanga chilichonse chimene khwangwala watola, china chinkagubuduka, ngwererere, tsa.

"Kodi mudzadziwa bwanji kuti watenga?" anafunsa tsiku lina.

"Ndidzadziwa."

"Nanga mvula ikabwera asanatenge?"

"Mvula ndi ya Mulungu, a bambo. Mwana nayenso ndi wa Mulungu."

Chizimalupsa chinagwa masana ena, cha fumbi, chosakhalitsa. Madzi anadzaza m'ngalande muja n'kuima, poti njira inali yotseka. Mumgolo munangodontha pang'ono. Dzuwa litabweranso, zimene zinachitika mukhoza kuziganiza nokha. Masamba oola, fumbi, ndowe za mbalame, madzi, ndi mbewu. Sabata isanathe m'mphepete monse mwa denga munatuluka mzere wobiriwira, chimanga ndi nandolo, zonenepa kuposa za kumunda.

A Dyson, mlongo wawo wamng'ono wa a Felista, amene nyumba yawo ili kumunsi kwa nthochi, anaima pabwalo manja m'chiuno.

"Alamu! Ndimati malo tinakupatsani okwanira. Mwayamba kulima kumwamba? Feteleza wake muzithira ndi ndege?"

"Pansi pano mwadzaza inu ndi mbuzi zanu," anayankha a Howard. "Kumwamba kokha ndi kumene sizifika."

A Dyson anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anazungulira kuseri, n'kugwira khoma, n'kubwera akupukuta dzanja pa thalauza.

"Alamu, khomali lamwa madzi."

"Maso ndili nawo."

"Ndiye kwerani."

"Kauzeni achemwali anu."

"Ine? Munthu anandibereka kumsana uja? Mpaka lero akhoza kundithamangitsa ndi mthiko." Anatsitsa mawu. "Koma mvula yeniyeni ikabwera ngalande ili chonchi, bola ikanakhala palibe. Madzi onse a denga azigwera malo amodzi, patsinde penipeni. Munaona za chaka chija."

A Howard anaona za chaka chija. Anathandiza kufukula anthu ndi makasu.

Lachinayi lotsatira a Felista anavala zoyera n'kupita ku Mvano. A Howard anadikira mpaka nsalu yoyera itabisika kuseri kwa chinangwa, n'kutulutsa makwerero. Mumtima ankati, ndingotsegula pakona pokha, madzi apeze njira, sadziwa. Bondo lawo lakumanzere linali litayamba kale kuvuta, ndiye ankakwera pang'onopang'ono. Atafika pamwamba, asanagwire n'tsamba lomwe, anamva makwerero agwidwa pansi.

Anali a Felista. Anaiwala buku la nyimbo, n'kubwerera. Anagwira nsungwi zonse ziwiri, nkhope ili m'mwamba, osakalipa.

"A bambo a Eveles, zaka zonsezi sindinakuuzenipo mawu awa, ngakhale tsiku limene munabwera mutaledzera n'kugwera m'nkhokwe. Lero ndikuuzani. Mukagwira mmenemo, mutsike, mumange katundu wanu, muoloke phiri. Pano ndi pa amayi anga."

Mawu amenewo kwa mkamwini wa imvi ndi mpeni. A Howard anatsika. Anakhala pakhonde lawo la simenti mpaka dzuwa kupendeka, n'kumayang'ana njerwa. Ankakumbukira kumene anakumba dothi lake, nkhuni zootchera zimene anasenza kuchokera m'phiri, Eveles ali kamwana akuwapatsira madzi akumwa. Achoke apite kuti? Kuseri kwa phiri amene ankawadziwa onse ali m'manda. Koma akhale, azionerera nyumba ikusungunuka ngati mchere? Ndipo ikagwa usiku, igwera yani? Chipinda cha kuseri ndi chimene a Felista anasamukira chimwalirire mwana, amagona pa kamphasa kake.

Mvula yeniyeni inabwera pasanapite nthawi. Inachokera ku Michesi masana, yakuda bii, ndi mphepo. Madzi anatsika pamalata, anapeza ngalande yodzaza, n'kusefukira kumbuyo kwake, mbali ya khoma. Sanagwe ngati mvula, anagwa ngati munthu akukhuthula ndowa, malo amodzi, osalekeza. Ena ankatsetsereka pakhoma penipeni. A Howard anatuluka ndi khasu, thumba la feteleza kumutu, n'kumakumba kanjira kuti madzi achoke patsinde. Akakumba apa, madzi akumba apo. Anaona dothi lofiira la pakhoma likutsika ngati phala, anaona matope a pakati pa njerwa zapansi akutuluka. Anakhala mumvulamo mpaka inakata, ali chinyowere, mano akugundana.

Kutacha anapita kukaona. Patsinde pa khoma panali dzenje lolowa mkono. Kuchokera pamenepo mng'alu unakwera mokhotakhota, kutsata mizere ya njerwa, mpaka pansi pa windo. Analowetsa chala, chinalowa. Mvula ina ngati imeneyo, khoma likhala pansi, denga n'kulitsatira.

Kenaka anaona china m'munsi mwa khomalo.

Anapita kukhitchini. A Felista anali akukoleza moto.

"Mayi a Eveles, tabwerani."

"Ngati ndi za makwerero, ndinanena kale."

"Si za makwerero. Tangobwerani muone."

Anabwera akupukuta manja. A Howard sanaloze mng'alu. Analoza m'munsi, pamene panali mzere wa manja a Tikondane. Panalibe. Dothi lonse linatsukika, njerwa zili pamtunda. Panatsala dzanja limodzi lokha, chakumapeto, pamene madzi sanafike kwambiri, nalonso kachala kakang'ono katadyeka.

A Felista anagwada m'matopemo. Anaika dzanja lawo pafupi ndi kadzanja kaja, osakakhudza. Anakhala choncho nthawi yaitali. A Howard anangoima kumbuyo kwawo. Kumwamba akhwangwala anali atafika kale, akuyenda pamalata, kudikira chakudya chawo.

"Ndimasunga dzino," anatero a Felista, mawu ali pansi, "madzi akundidyera manja."

A Howard anakhala pansi pambali pawo, bondo likuwawa.

"Tamverani, mayi. Sinditaya kanthu. Ngakhale tsamba limodzi silipita kudzala. Kachitsulo kaja ndikasiya pansi, ndizitapa ndi manja, inu muzilandira. Muziyang'ana nokha ndi maso anu. Tikalipeza, ndikwera nalo mpaka pamsonga pa denga, pamene khwangwala amatera, ndikaliike poyera. M'masamba muja angalione bwanji?"

"Tikapanda kulipeza?"

"Ndiye kuti anatenga."

A Felista anayang'ana kuphiri. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kunsi.

"Katengeni makwerero," anatero. "Ine ndikatenge beseni."

Ntchito imene a Howard ankaimaliza madzi osamba asanatenthe, tsiku limenelo inadya tsiku lonse. Anamangirira kandowa kuchingwe. Ankatapa ndi zala, pang'onopang'ono, n'kuika mukandowa, n'kutsitsa. Chimanga chija chinali chitaluka mizu yoyera ngati mphasa, chinkazuka ndi dothi lake lomwe, chonunkha chivundi. Akamaliza pamene mkono ukufika, ankatsika, kusuntha makwerero, kukweranso. Bondo linkalira pa sitepe iliyonse.

Pansi a Felista anachita monga amachitira pochotsa miyala mu mpunga. Ankakhuthulira m'beseni la madzi, n'kuvundula. Masamba ankayandama, ankawayengula n'kuwaika pambali, atawatembenuza limodzilimodzi. Mizu ankaimasula ndi zala. Zolemera zinkatsalira pansi, ndipo zimenezo ankazithira palichero n'kumazisanthula ndi chala.

Vuto linali mphale ija anamwaza okha. Tizidutswa toyera tinali mbwee, tina tofanana ndi dzino la mwana ngati mapasa. Kangapo konse a Felista anadzuka, "A bambo!" A Howard n'kuima pamakwerero. Akakanikiza ndi chikhadabo, kanthu kaja n'kuphwanyika, ufa. Ankakhalanso pansi n'kupitiriza kusanthula.

A Dyson anabwera, anaima chapatali. Pakamwa panali patakonzeka kale ndi nthabwala, koma ataona nkhope ya achemwali awo anaimeza. Anangopita kumjigo n'kubwera ndi ndowa ziwiri za madzi, n'kuziika pafupi ndi beseni, n'kukagwira makwerero.

"Alamu, tsikani ndikwere ine. Mwendo wanuwo ukunjenjemera."

"Gwirani pansipo. Ine ndi amene ndinamva pamene linagwera."

Dzuwa linapendeka, kenaka linabisika. Mphepo inayamba, yozizira, yonunkhira dothi. Ku Michesi kunagunda. Mbali yaitali yonse ya ngalande inali itayera, lata likuoneka, ndipo dzino linali lisanapezeke. Panatsala pakona pokha, potsikira madzi. A Howard anapisa dzanja n'kupeza chimene chinatseka: njere ya mango, yaikulu, yokhala ndendende pakamwa pa potsikira, ndi matope ataunjikana kumbuyo kwake. Anaizula. Anakokolola matope onsewo ndi zikhatho ziwiri, mpaka kupala lata ndi zikhadabo, n'kutsitsa.

"Ndi omaliza amenewo," anatero.

Madontho oyamba anayamba kugwa pamalata, limodzi apa, lina apo. A Felista anathira m'beseni, anavundula, anayengula, anakhuthulira palichero. A Howard ankawayang'ana ali pamwamba. Anaona chala chikuyenda, chikuyenda, n'kuima. Anaona akutola kanthu, akukanikiza ndi chikhadabo. Akukanikizanso. Sanafuule ngati poyamba paja. Anakatsuka m'madzi oyera a mundowa, n'kukaika pachikhatho.

"Ili," anatero.

Kanali kakang'ono kuposa njere ya mpunga wa kudambo, koyera, ndi kadontho kofiirira kumene kunali muzu.

A Howard anatsika masitepe angapo n'kutambasula dzanja. "Patseni, mayi. Ndikaliike pamsonga mvula isanalimbe."

A Felista anayang'ana dzanja la amuna awo. Anayang'ana kumtengo wa mango, kumene akhwangwala anabisala mvula, ali ndii m'nthambi. Kenaka anafumbata.

"Ayi."

"Mayi a Eveles, si paja tinapangana?"

"Khwangwala anali ndi nthawi yake. Wadya chimanga changa, wadya nandolo wanga, dzino sanalifune. Ili n'langa."

A Howard anafunsa, osati motsutsa, koma poti funsolo linali lawo lomwe a Felista: "Nanga mwana kumene aliko, aziseka bwanji?"

"Aziseka mmene ankasekera kuno," anatero a Felista. "Kodi sankakongola?"

Pamenepo a Felista analira kulira kumene sanalire kumanda, ali chikhalire m'matope, chibakera chili pachifuwa, akuitana, mkazi mnzanga, mkazi mnzanga iwe. A Dyson anatembenukira kunthochi. A Howard anatsika okha, n'kukhala pambali pa akazi awo, manja ali matope okhaokha, osadziwa powaika. Mvula inalimba, inawanyowetsa onse, palibe anasuntha.

Amene anayamba kumva anali a Howard. Pamwamba pa mitu yawo madzi anali kuyenda m'lata, kuthamangira pakona. Kenaka mumgolo wopanda kanthu munalira, ngu ngu ngu ngu, mawu akuya aja amene nyumba imeneyo imalira chaka chilichonse. Anayang'ana khoma. Linali louma. Kadzanja kaja kanali pomwepo.

A Felista anamasula nsonga ya chitenje, anaikamo dzino, anamanga mfundo, n'kumanganso ina pamwamba pake. Anapukuta nkhope.

"Dzukani, a bambo, mulowe. Chifuwa chinatitengera mmodzi kale m'nyumba muno." Atadzuka anawonjeza, osawayang'ana, "Za kuoloka phiri zija, sanali mawu anga."

"Ndinadziwa," anatero a Howard. "Akanandilandira ndani kumeneko, ndi bondo ili?"

Nyumba ija ilipo. Mukadutsa mudzaona kuseri kuli chipilala cha njerwa chimene a Howard ndi a Dyson anamanga kuchirikiza khoma, ndipo mng'alu anaumata, ngakhale chipsera chake chimaoneka. A Felista anaziranso khoma lonse, koma pamalo amodzi anasiya, ndipo pamwamba pake a Howard anakhomapo kachidutswa ka lata, kuti ngakhale mvula yamphepo isafikepo. Chimanga cha padenga chija, poti analonjeza kuti sataya kanthu, anachioka kuseri kwa khitchini. Chambiri chinafota. Mapesi owerengeka anabereka, ndipo sanadye, anasunga mbewu. Dzino lili pansonga ya chitenje mpaka lero. Akachapa amalisamutsira ku chitenje china.

Ndiye abale anga, ine ndakalamba, mutu wayamba kutaya zinthu. A Howard ndi a Felista nawonso dzuwa lawo lapendeka. Mwana uja sanasiye munda, sanasiye mwana, sukulu sanafike nayo polemba kalata. Anasiya dzino limodzi ndi dzanja limodzi pakhoma. Tikapita ife, adzamutchula ndani? Chonde, nyenje zikayamba kulira, mukamatulutsa makwerero kuti muyeretse ngalande zanu mvula isanabwere, tapani ndi manja, mofatsa, muziyang'ana zimene mwatapa. Ndipo muli pamwambapo, mutchuleni. Tikondane, mwana wa Eveles, wa mpata kukamwa. Muwauzenso ana anu, kuti nawonso azidzamutchula.